Chipolopolo Chilingane ndi Nyama Yake

Oweta nkhosa a kumadzulo kwa America, m'madera onga Wyoming ndi Montana, ali ndi mdani wotchedwa coyote. Ndi nyama ya m'banja la agalu, mbale wake wa nkhandwe yathu, yolemera makilogalamu pakati pa 9 ndi 20, ndipo imagwira ana a nkhosa pa nyengo yoswa. Kulinso tinyama tofukula maenje m'msipu, monga prairie dog. Alenje a kumeneko satopa kutsutsana za chipolopolo choyenera ntchito imeneyi. Ambiri amafunsa kuti chaliwiro koposa ndi chiti. Ife tikuti funso loyenera nlakuti: ndi chiti chimene chimapha nthawi yomweyo, pa mtunda umene wowomberayo angathe kulasa mosaphonya?

Tiyambe ndi zazing'ono. Chipolopolo cha .22 Long Rifle chakhalapo kuyambira 1887. Nchotsika mtengo, sichisokosa, ndipo chimakwanira pa makoswe ndi akalulu amene ali pafupi. Cha .17 HMR, chimene chinatuluka mu 2002, chimathamanga mamita pafupifupi 775 pa sekondi, koma chimalemera magalamu 1.1 okha, kotero mphepo ya m'chigwa imachipatutsa msanga. Pa prairie dog chimagwira ntchito. Pa coyote, ziwiri zonsezi nthawi zambiri zimangovulaza, nyama nkuthawira kuthengo kukafa pang'onopang'ono. Kumeneko si kuteteza ziweto, ndi nkhanza.

Kumbali ina kuli zamphamvu. Cha .22-250 Remington chimaponya magalamu 3.6 pa liwiro loposa mamita 1,100 pa sekondi, ndipo chimalasa bwino ngakhale pa mamita 300. Koma chimadya onga wambiri, chimalira kwambiri, ndipo chimaperepesa mpope wa mfuti msanga. Cha .243 Winchester, cha mu 1955, amapheranso agwape; pa coyote chimang'amba chikopa chimene mlenje akadagulitsa.

Ife tikuima ndi cha .223 Remington. Chimaponya magalamu 3.6 omwewo pa mamita pafupifupi 990 pa sekondi, mphamvu yokwanira kugwetsa coyote pomwepo pa mamita 200. Mfuti yake simenya phewa mwamphamvu, ndipo zipolopolo zake zimapezeka mosavuta pa mtengo wabwino. Ubwino wake waukulu wagona pamenepa: mlimi angathe kuyeserera kawirikawiri kufikira dzanja litazolowera. Chipolopolo chaliwiro m'manja mwa munthu wosazolowera chimangopita kutali, kumene kungakhale ng'ombe ya mnansi kapena mwana woweta.

Komabe tisaiwale chimene mbiri ya nyama imeneyi ikutiphunzitsa. Kwa zaka zoposa 100 anthu aisaka ndi mfuti, misampha ndi poizoni, koma lero yafalikira kuchokera kunyanja ya Pacific kufikira ya Atlantic, mpaka m'mizinda yonga Chicago. Nchifukwa chake oweta ambiri tsopano amagonetsa agalu aakulu a mtundu wa Great Pyrenees pakati pa nkhosa, ena abulu.

Ophunzira athu akamadandaula za nkhandwe yogwira nkhuku ndi ana a mbuzi, timawauza zomwezi. Mfuti imafuna chilolezo cha boma, ndipo imachotsa nyama imodzi yokha, ina nkubwera m'malo mwake. Khola lolimba, lotsekedwa dzuwa lisanalowe, limagwira ntchito usiku uliwonse.