Kavalo Amene Adandiphunzitsa Kumvetsera Mwana Wanga

Mwezi uno ndafuna kuti ticheze za zidole za pa kanema, zija ana athu amazitcha makatuni. Ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kumwetulira ndi kunena chamumtima kuti, "Kodi aphunzitsi nkhani zawathera, kuti lero atisonkhanitsire zidole?" Lezani mtima, abale anga. Inenso kwa zaka zambiri ndinkaziyesa zachibwana zokhazokha, zoyenera ana a Sitandade 1. Maganizo amenewa adandithera usiku wina m'nyumba mwanga momwe, kuno ku Chibavi, ndipo ndalemba izi mwini nkhaniyo atandiloleza.

Udali mwezi wa June, nyengo imene chisanu cha Mzuzu chimalowa mpaka m'mafupa. Nditadzuka pakati pa usiku kukaona ngati chitseko chidali chokhoma, ndidapeza mwana wanga wachisamba atakhala pabalaza mumdima, atafunda bulangete, maso ali pa foni. Mnyamatayu ali ndi zaka 24. Adatsiriza maphunziro a ku koleji zaka ziwiri zapitazo, koma ntchito sinapezeke. Nditasuzumira ndidaona kavalo wojambulidwa, wovala juzi, atagwira botolo la mowa. Mtima udandipsa, ndipo ndidati, "Iwe, mwamuna wandevu ngati iwe, anzako amalawirira kukasaka maganyu ku msika wa Taifa, iwe ukuchezera zidole?" Iye sadakwiye. Adangoyankha motsitsa mawu kuti, "Adada, kavalo ameneyu amanena zimene ine ndimalephera kukuuzani." Ndidabwerera kuchipinda, koma tulo tidandithawa mpaka tambala woyamba.

Ife a msinkhu wanga tisadzudzulidwe kwambiri pa umbuli umenewu. Tidakula ndi wailesi ya MBC yokha, titazungulira kumvera sewero la Kapalepale. Wailesi ya kanema ya dziko lathu idayamba mu 1999, ambiri a ife tili kale achikulire, ndipo zidole zoyamba zimene tidaona zidali za Tom ndi Jerry, mphaka wothamangitsana ndi kakhoswe. Motero tidamanga mfundo yakuti chilichonse chojambulidwa ndi dzanja n'cha ana. Komatu kumene zidolezi zimachokera sizili choncho. Ku America, sewero la The Simpsons lidayamba mu 1989 kuonetsedwa madzulo, nthawi imene akuluakulu aweruka kuntchito, ndipo mu 2001 kudatsegulidwa chigawo cha usiku chotchedwa Adult Swim, chokonzedwera anthu okhwima. Ku Japan nako amajambulira misinkhu yonse, kuyambira khanda kufikira nkhalamba. Kuchokera mu 2016, pamene Netflix idafika m'maiko ambiri kuphatikizapo lathu lino, ndiponso chifukwa cha timalo tokoperako mafilimu timene tili pa misika yathu, zidole zimenezi zalowa m'matumba a ana athu ife osadziwa.

Usiku uja, ndili chigonere, ndidakumbukira agogo anga akutisimbira nthano pamoto. Kodi fisi uja amene adalondola munthu tsiku lonse, poyembekeza kuti mkono umene unkagwedezeka ugwa pansi, adali fisi weniweni? Nanga kalulu wokana kukumba nawo chitsime, koma wobwera usiku kudzaba madzi, adali wa m'tchire? Iyayi. Nyamayo idali chofunda chabe. M'kati mwake mudali munthu, ndipo kawirikawiri munthuyo adali atakhala nafe pamoto pomwepo. Ife ana tinkaseka, koma akuluakulu ankazolika, pakuti ankadziwa mwini nkhani. Ngakhale m'buku la Oweruza, Yotamu adadzudzula anthu a ku Sekemu ndi fanizo la mitengo yofuna mfumu. Makolo athu adazindikira kuti choonadi china chimawawa kwambiri chikabwera ndi nkhope ya munthu, koma chikavala ubweya chimalowa m'khutu mosavuta. Ndidadzifunsa kuti: ngati ndidalemekeza fisi wa agogo, ndikunyozeranji kavalo wa mwana wanga ndisadamumve? Pajatu safunsa adadya phula.

Kutacha ndidamupempha kuti andionetse, ndipo kwa masabata angapo tinkaonera limodzi Loweruka lililonse madzulo, ana aang'ono atagona. Sewerolo limatchedwa BoJack Horseman. Adalilemba ndi Raphael Bob-Waksberg, wojambula maonekedwe ake ndi mayi wina dzina lake Lisa Hanawalt, ndipo lidaonetsedwa pa Netflix kuyambira mu 2014 mpaka mu 2020, magawo 77 onse pamodzi. M'dziko la sewerolo anthu ndi nyama amakhalira limodzi, kugwira ntchito limodzi, popanda wodabwa. BoJack ndi kavalo wa zaka zoposa 50 amene adatchuka m'zaka za m'ma 1990 pochita sewero la pa kanema. Tsopano kutchuka kudatha. Amakhala m'chinyumba chachikulu paphiri mu mzinda wa Los Angeles, ndalama ali nazo, koma mtendere alibe. Amamwa usana ndi usiku, amapweteka aliyense amene amamukonda, amapepesa, kenaka n'kubwerezanso zomwezo. Poyamba munthu umaseka, pakuti nthabwala zilimo zambiri. Koma pakapita magawo angapo, kuseka kuja kumayamba kukutsamwitsa.

Chimene chidandisokoneza poyamba n'chakuti nkhaniyo nthawi zina imayenda ngati maloto. Gawo lina la mu 2016 limachitikira pansi pa nyanja, pafupifupi lonse popanda mawu, kavaloyo akuvutika kupereka chipepeso kwa munthu amene adamulakwira. Lina la mu 2017 limatilowetsa m'mutu mwa mayi wake, Beatrice, amene wagwidwa ndi matenda oiwala a ukalamba. Zaka zimasakanikirana, anthu ena nkhope zawo n'zopanda maso ndi pakamwa, ena zakhwatchidwakhwatchidwa ngati kope la mwana wokwiya. Ndidadandaula kuti sindikutolapo kanthu, koma mwana wanga adati, "Dekhani, Adada." Zoonadi, kuona maso a nkhono n'kudekha. Pang'onopang'ono ndidaona kuti mayi wankhanza uja nayenso adali mwana wovulazidwa: mlongo wake adafera ku nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, amayi ake adasweka mtima ndi chisoni, ndipo atate ake adali munthu wouma, woletsa kulira. Bala la agogo lidatsikira kwa mwana, la mwana kwa mdzukulu.

Apa m'pamene uphunzitsi wanga udandithandiza. Mwana wa Sitandade 2 akajambula atate ake aakulu ngati mtengo wa mlombwa, iye mwini kakang'onong'ono pakona kopanda pakamwa, mphunzitsi wanzeru sanena kuti walakwitsa. Mwanayo wajambula zoona, kungoti ndi zoona za m'kati. Makina ojambulira zithunzi amatola zimene diso likuona, koma cholembera chikhoza kujambula mantha, manyazi ndi chikumbumtima. Choncho zachilendo za m'zidole zimenezi si misala ya wojambula. Ukaona khoma likusungunuka kapena nkhope ikufafanizika, funso lake si lakuti, "Kodi zimenezi zingachitike?" koma lakuti, "Kodi munthu ameneyu akumva bwanji mumtima?"

Mnyamata wanga adandionetsanso sewero lina la ku Japan, lotchedwa Paranoia Agent, la magawo 13, limene Satoshi Kon adapanga mu 2004. Mu mzinda wa Tokyo mumabuka mbiri ya kamnyamata koyenda pa nsapato zamatayala, konyamula chibonga chopindika, kamene kamakantha anthu m'mutu. Chodabwitsa n'chakuti okanthidwawo onse ndi anthu amene moyo wawapanikiza, ndipo akakanthidwa amakhala ngati apumula, pakuti tsopano palibe wowafunsanso za udindo wawo. Mbiriyo ikamafala, kamnyamatako kamakulirakulira mpaka kusanduka chilombo. Pamapeto pake zimadziwika kuti gwero lake lidali bodza la mtsikana wina, amene ali mwana adataya chingwe cha kagalu kake, galimoto n'kukagunda, ndipo poopa atate ake adapeka nkhani yakuti munthu wachibonga ndiye adachita. Ndidakhala chete nthawi yaitali. Kodi ife tomwe, mbiri yoopsa ikabuka m'mudzi kapena m'tauni, sitiikuza ndi pakamwa pathu mpaka kuvulaza osalakwa? Kodi sitikonda kuloza chala kunja m'malo monena kuti, "Ndine ndalakwa"?

Koma gawo limene lidatsegula pakamwa pa mwana wanga lidali lina la BoJack, la mu 2017, m'mene timamva liwu la m'mutu mwa kavaloyo likumutukwana kuyambira podzuka mpaka pogona, kumuuza kuti ndi wachabechabe ndipo aliyense akudziwa. Mwana wanga adaimitsa foni nati, "Adada, liwu limeneli ndimalimva m'mawa uliwonse. Mukamapita kuntchito ine n'kutsala pakhomo ngati mlonda, limandiuza kuti ndalama zimene mudalipira sukulu mudangotaya." Adaulula kuti adali atayamba kumwa mobisa timowa totsika mtengo tija, kuti liwulo likhale chete, ndiponso kuti masiku ena ankalakalaka atagona osadzukanso. Abale anga, ine amene ndalangiza mabanja ambiri ndi kuphunzitsa ana mazanamazana, ndidakhala zaka ziwiri pansi pa denga limodzi ndi mwana wovutika chotere, n'kumamuyesa waulesi. Malipoti a apolisi chaka ndi chaka amasonyeza kuti ambiri mwa odzipha m'dziko muno ndi amuna. Tidawalera powauza kuti mwamuna salira, ndipo iwo adatimvera.

Tsono ndisamveke ngati ndikutsegula khola kuti mbuzi zilowe m'munda. Zidole zimenezi zili ndi mawu otukwana, kuledzera, mankhwala osokoneza bongo ndi zachiwerewere. Sizoyenera ana a sukulu ngakhale pang'ono. Kholo lisapatse mwana foni chifukwa chongoona kuti zimene zilimo n'zojambulidwa. Yang'anani nambala ya zaka imene imalembedwa poyambirira, ndipo ikakhala 16 kapena 18, dziwani kuti wojambulayo sadalinge kwa ana anu a ku pulayimale. Ndiponso si zidole zonse za akuluakulu zimene zili ndi nzeru. Zambiri ndi zonyansa chabe ndi chipongwe, zopanda phindu lililonse. Muyeso umene ine ndapeza ndi uwu: kodi sewerolo likuonetsa mtengo wake wa choipa, kapena likuchikometsa? Kodi ukatha kuonera umatsala ndi chifundo ndi kudzifufuza, kapena umangoseka tsoka la ena? Pa muyeso umenewu BoJack adapambana. Sewerolo limatifotokozera kumene mabala ake adachokera, koma silimumasula ku mlandu. Mtsikana wina amene adamuona ngati atate amafa chifukwa cha mankhwala ali naye limodzi, abwenzi ake amamutalikira, ndipo iye amakalowa ku malo othandizira osiya mowa, pambuyo pake kundende. Kuvulazidwa uli mwana si chilolezo chovulazira ena.

Kwa inu makolo amene muli ndi ana okhwima, pempho langa ndi ili: musanalande foni kapena kunyoza, funsani kuti, "Mwananga, chimakusangalatsa n'chiyani m'menemu? Ndani amene akufanana nawe?" Ngati Chingerezi chikuvutani, mwanayo akumasulireni, pakuti pomasulirapo m'pamene adzatulutse za mumtima mwake. Musafulumire kulalikira. Mvetserani mpaka atsirize.

Kwa inu achinyamata ndinena mosabisa. Kavalo uja ndi galasi chabe, si mankhwala. Galasi limakuonetsa chilonda, koma silingachitsuke. Kavaloyo sakumva, sakudziwa dzina lako, ndipo sadzabwera kudzakuona ukadwala. Kuchezera usiku wonse wekha ndi foni, kuonera chisoni cha wina, kukhoza kukumiza m'malo mokuvuula. Ukaona kuti sewero lanena za iwe, nyamuka ukauze munthu wamoyo: kholo, malume, mbusa, mphunzitsi kapena bwenzi lokhulupirika. Kuno ku Mzuzu tili ndi mwayi, pakuti a St John of God amathandiza ovutika maganizo ndiponso ofuna kusiya mowa ndi chamba. Kupita kumeneko si misala, monganso kupita ndi malungo ku chipatala si manyazi. Mutu umodzi susenza denga.

Mwana wanga ntchito sanaipezebe. Koma adakaonana ndi aphungu, timabotolo tija adatisiya, ndipo masiku ano amandithandiza kudimba ndi kuphunzitsa ana a oyandikana nawo masamu madzulo. Masiku ovuta akadalipo, sindinama. Chimene chasintha n'chakuti tsopano tili ndi chilankhulo. M'mawa ndisadapite kusukulu ndimagogoda pa chitseko chake ndi kufunsa kuti, "Kavalo uja wadzuka bwanji lero?" Masiku ena amaseka n'kunena kuti wadzuka bwino. Masiku ena amati, "Lero walemera, Adada." Akatero ndimaika chikwama pansi, n'kukhala naye pang'ono.