DZINA LA MULUNGU LILI PA CHIKWANGWANI, NANGA PA SIKELO PALI DZINA LA NDANI?

Lero ndalemba zazitali, ndiye khalani kaye pansi, makamaka inu a geni.

Mwa zinthu zimene anthu amandipempha kuti ndiwapempherere, zambiri ndi za malonda. "Abusa, katundu sakuyenda." "Abusa, anditsekera mwayi." "Mnzanga wa benchi loyandikana ali ndi chizimba, makasitomala onse akuthera kwa iye." Ndimapemphera, ndipo sindidzasiya, chifukwa ndimakhulupirira kuti Mulungu amatsegula makomo. Koma ndikuuzeni poyera abale anga, si kasitomala aliyense wosowa amene wathamangitsidwa ndi satana. Ena mwawathamangitsa nokha ndi nkhope yanu, pakamwa panu, ndi kachitini kanu koyezera kamene munakaphwanya pansi kuti kazilowa zochepa.

Yendani mu Ndirande, Chinsapo kapena Mchengautuwa muwerenge zolembedwa pa mawokala ndi masaluni. Mupeza Chisomo, Ebenezer, Mulungu Alipo, Yehova Yire. Maina abwino kwabasi. Koma dziwani kuti mukalemba dzina la Mulungu pakhomo pa shopu, mwamuika Iye ngati mboni ya chilichonse chochitika mkatimo. Mukabera munthu chenji pansi pa chikwangwani chimenecho, sanyoza inu nokha ayi. Amachoka akunena kuti, "Ndi awa opemphera aja."

Ophunzira zamalonda ali ndi mawu akuti brand. Anthu ambiri amaganiza kuti ndi penti, kachizindikiro kokongola ndi tisheti yolembedwa dzina. Zimenezo ndi zovala chabe. Taonani, mwana akatumidwa zakumwa zosungunula amati akukagula Sobo, ngakhale m'botolomo muli za kampani ina. Sopo wa ufa aliyense ena amangoti Surf, mankhwala otsukira mano amangoti Colgate. Mainawa anakhazikika m'kamwa mwa anthu chifukwa kwa zaka zambiri wogula ankapezamo chimene amayembekezera. Mpunga wa Kilombero wa ku Karonga nawonso anthu amaufunsa ndi dzina chifukwa cha fungo lake mumphika. Tsopano inu mwatenga Kilombero pang'ono, mwasakaniza ndi mpunga wotchipa, mwaika wabwino pamwamba. Pamsika mwapambana, koma mlandu ukazengedwa kukhitchini madzulo, mphika ukawira fungo osamveka. Mayi ameneyo sabweranso, ndipo pofika pa mjigo mawa m'mawa amayi anzake onse amva.

Baibulo linayamba kale kuphunzitsa zimenezi. Werengani Miyambo 22:1, dzina labwino laikidwa pamwamba pa chuma chambiri. Miyambo 11:1 ikunena za sikelo yachinyengo kuti Yehova amanyansidwa nayo. Pa Deuteronomo 25:13-15 Mulungu analetsa munthu kusunga miyeso iwiri, waukulu ndi waung'ono. Mneneri Amosi m'mutu 8 anadzudzula amalonda amene ankangodikira kuti Sabata lithe kuti akachepetse muyeso, akakweze mtengo, akagulitse ndi mankhusu omwe. Mwamva? Anthu amenewa Sabata ankasunga ndithu, koma Mulungu anawatsatira mpaka kumsika. A Malawi Bureau of Standards amayendera masikelo nthawi ndi nthawi, koma pali Woyendera wina amene sapita ku tchuthi.

Wina anena kuti, "Abusa, zinthu zadula, simukudziwa kuoda inu." Ndikudziwa. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, wopikula katundu aliyense walira. Kukweza mtengo si tchimo. Tchimo ndi kubisa. Muuzeni kasitomala kuti, "Mayi, mafuta akwera, mandasi ano tsopano ndi mtengo wakuti." Adandaula, mwina lero sagula, koma sakutchulani wakuba. Mukasiya mtengo pomwepo n'kumachepetsa mwakachetechete, kapena kuika makala abwino pamwamba pa thumba pansi pali fumbi ndi miyala, tsiku lomwe adzazindikire ndiye kwatha.

Inu ogulitsa pa WhatsApp ndi Facebook, ndili nanunso. Chithunzi cha pa status ndi cha diresi lina, lofika kwa mwini wake ndi lina. Munthu asanalipire mumayankha msanga, "Dear, ilipo." Akangotumiza pa Airtel Money kapena Mpamba, foni yathima masiku atatu. Atelala, akalipentala, owotcherera, mawu aja akuti "bwerani mawa" pamene nsalu simunaidule n'komwe, limenelo ndi bodza, ngakhale mulinene mukumwetulira. Ngati ntchito itenga masabata awiri, nenani masabata awiri. Mukaona kuti muchedwa, imbani ndinu, musadikire kuti mwini wake awononge thiransipoti kudzapeza chitseko chotseka.

Ndiye pali kalandiridwe ka anthu. Munthu walowa mushopu, inu maso pa foni, moni osayankha. Wafunsa mtengo wa zinthu ziwiri, mwayamba kale kutsonya kuti, "Mugula kapena?" Lamulungu ndinu a kwaya, Lolemba nkhope ngati mwamwa mankhwala owawa. Wofunsa lero osagula ndi amene abwere pa malipiro. Kamwana kotumidwa mchere wa K200 kalandireni bwino, chifukwa kumbuyo kwake kuli banja lonse. Wobweza katundu wowonongeka musamuone ngati mdani. Iyeyo wakuchitirani ulemu pobwera kudzakuuzani, ena amangochoka osanena kanthu.

Ndikupatseni umboni. Mumpingo mwathu muli mayi wina wamasiye wogulitsa nyemba ndi mtedza. Tsiku lina bambo wina anagula za K5,000, koma potumiza pa foni anaonjezera ziro, zinalowa K50,000. Bamboyo anali atakwera kale minibasi. Sabata imeneyo mayiyu amafunika kubweza ku banki nkhonde, ndipo anzake pamsika anamuuza kuti, "Amenewo ndiye madalitso aja mumapemphererawa." Iye anaimba pa nambala ija n'kubweza K45,000. Bambo uja ndi amene amagula zakudya za pamalo ena ogona alendo, ndipo mpaka lero nyemba amatenga kwa mayiyu mwezi ndi mwezi osafunsanso kwina. Sanasanduke mpondamatiki ayi, koma ana ake sakubwezedwanso fizi. Aleluya!

Ndikudziwa ena mukuti, "Koma abusa, akuba ndi amene akumanga nyumba." Ngakhale Asafu mu Salimo 73 zinamuvuta poona oipa zikuwayendera. Koma ganizani bwino. Wogulitsa pawindo la basi akhoza kunamiza munthu amene sadzamuonanso. Inu muli pakati pa anthu amene mumakumana nawo kumaliro, kuchigayo ndi kutchalitchi. Phindu lanu silili pa kugulitsa kamodzi, lili pa munthu yemweyo kubwera kakhumi, n'kubweretsanso mlamu wake.

Nanu ogula a mumpingo, musaseke. Mwagwetsa mabizinesi ambiri a abale anu ndi mawu akuti, "Ndipatseni m'bale, ndidzapereka Lamulungu." Lamulungu lafika, mwakhala mbali ina ya tchalitchi kuti maso asakumane. "Mulungu akudalitseni" si ndalama yooderanso katundu. Kwa mwenye mumalipira osanenerera, kwa mlongo wanu mwa Ambuye mukufuna theka la mtengo. Kabwezeni ngongole ija. Ndipo inu ogulitsa, gulani kabuku, lembani dzina, tsiku ndi ndalama, ndipo phunzirani kukana mwaulemu. Kukana ngongole si kusowa chikondi.

Malonda si ntchito yonyozeka pamaso pa Mulungu. Lidiya wa ku Tiyatira anali wogulitsa nsalu zofiirira, ndipo nyumba yake inalandira atumwi ku Filipi. Paulo mwini ankasoka mahema ku Korinto pamodzi ndi Akula ndi Priskila. Benchi lanulo ndi guwa, ndipo anthu ena amene sadzaponda kutchalitchi adzamva uthenga kudzera pa chenji chanu.

Sabata ino, musanabwere kudzadzozetsa mafuta, tayani kachitini kophwanyika kaja. Muimbireni kasitomala amene munamukhumudwitsa. Malizani ntchito imene munalandira kale ndalama yake. Kenako bwerani tipemphere pamodzi.

Atate, dalitsani manja a ana anu ochita malonda. Apatseni mtima woona, pakamwa pokoma ndi makasitomala okhazikika. Mpamba wawo usathe, dzina lawo lisade, m'dzina la Yesu Khristu.

Ngati mwalandira, lembani AMEN, ndipo tumizani uthengawu kwa mnzanu wa geni.