Filimu Yaikulu ya Kala: Mutu Umodzi Wasenza Denga

Pa nkhani zathu za luso lojambula zithunzi, lero tafika pa filimu ya nambala 120, imene kampani ya Kodak inayamba kupanga m'chaka cha 1901. Filimuyi ndi yotambalala masentimita 6, ndipo mpukutu umodzi umatulutsa zithunzi 12 zokha za mbali zinayi zofanana. Popeza chithunzi chake n'chachikulu kuposa cha filimu wamba ya mamilimita 35, munthu angathe kuchikuza kwambiri koma n'kumaonekabe bwino. N'chifukwa chake anthu ojambula mongokonda, eni makamera a Rolleiflex, Mamiya ndi Hasselblad, amaifunabe mpaka lero.

Nanga bwanji filimu yotere ya kala imavuta kupeza, ogula alipo? Yankho lake lili m'mafakitale.

Kupanga filimu ya kala si ntchito yamasewera. Mankhwala osakaniza ndi siliva amapakidwa pa pulasitiki m'mizere yambiri yosanjikizana, mumdima, ndipo mizere ina imagwira kuwala kofiira, ina kobiriwira, ina kwa buluu. Filimu ya 120 imafunanso pepala lapadera loitchinjiriza ku kuwala. Makamera a dijito atafala, makampani odziwa ntchitoyi anagwa motsatizana. AgfaPhoto ya ku Germany inatha mu 2005, Konica Minolta ya ku Japan inalengeza zosiya malonda a filimu mu 2006, ndipo Kodak yomwe inathawira kukhoti chifukwa cha ngongole mu 2012, ngakhale inadzukanso chaka chotsatira.

Achinyamata atayambanso kukonda filimu, anapeza makina ambiri ataphwasulidwa, amisiri atabalalika. Madzi akatayika sawoleka. Mu 2021 Fujifilm inasiya kupanga Pro 400H, filimu yokondedwa ndi ojambula maukwati, ponena kuti zipangizo zake zinali zovuta kupeza. Chotero filimu yambiri ya kala ya 120, monga Portra ndi Ektar, imachokera m'fakitale imodzi ya Kodak mumzinda wa Rochester, ku America. Fakitaleyo ikachedwa, masitolo a m'maiko ambiri amakhala opanda kanthu. Ikakweza mtengo, wogula alibe kwina kolowera.

Komabe si zonse zimene zili zodandaulitsa. Kodak inabwezeretsa Ektachrome ya 120 mu 2019, ndipo mu 2022 inatulutsa Gold 200, yotsikirapo mtengo. Chachikulu koposa, kampani ya Harman ya ku Mobberley, ku England, yodziwika ndi filimu yakuda ndi yoyera ya Ilford, inapanga filimu yakeyake ya kala yotchedwa Phoenix mu 2023, n'kuitulutsa pa 120 mu 2024. Maonekedwe ake sanafike pa Portra, koma phindu lake n'lakuti denga lapeza mutu wachiwiri.

Tsono wojambula achite chiyani? Agule mokwanira ntchito yake, asunge filimu m'firiji kuti isaonongeke ndi kutentha, koma asaunjike mopitirira, pakuti kuunjika ndiko kumakulitsa kusowa. Ayesenso filimu za makampani ang'onoang'ono, chifukwa popanda ogula iwo sangakule.

Aphunzitsi ndi inu amene mwangotsiriza sukulu, zindikirani ichi: luso silikhala m'mabuku mokha ayi, limakhala m'manja mwa anthu ndi m'makina oyenda tsiku ndi tsiku. Likalekedwa zaka khumi, kulidzutsa kumadya zaka ndi chuma chambiri.

M'gawo lotsatira tidzakamba za katsukidwe ka filimu imeneyi.