Doss ali ndi filimu, amtengatenga athu alibe ndi dzina lomwe

Mukafunsa wachinyamata wa mpingo wathu ku Ndirande kapena ku Bangwe za Desmond Doss, akufotokozerani mosadodoma. Anali msilikali wa ku America, wosunga Sabata, amene anakana kugwira mfuti nasankha kusamalira ovulala. Mu May 1945, pa phiri la ku Okinawa, anapulumutsa anzake pafupifupi 75 powatsitsa ndi chingwe mmodzimmodzi. Mu October chaka chomwecho Pulezidenti Truman anamuveka mendulo yapamwamba koposa ya dziko lake. Nkhaniyi ndi yoona ndipo ndi yolimbikitsa. Koma ife tikuti Malawi nayenso ali ndi anthu amene anapita ku nkhondo opanda mfuti, ndipo nthawi yosunga mbiri yawo ikutha.

Nkhondo ya 1914 inafika kuno msanga. Pa 9 September chaka chimenecho, asilikali a King's African Rifles anamenyana ndi a Germany ku Karonga. Agogo athu ankaitcha Nkhondo ya Chiwaya, chifukwa cha mfuti yolira ngati chimanga chokazinga. Amuna pafupifupi 19,000 a dziko lino analowa usilikali, pamene ena oyandikira 200,000 anagwira ntchito ya mtengatenga. Iwowa ankasenza ufa, zipolopolo ndi machila a ovulala, wapansi, mpaka mkati mwa dziko limene lero ndi Tanzania. Ambiri anachita kugwidwa m'midzi. Njala, kamwazi ndi chibayo zinawapha m'njira, ndipo manda awo alibe chizindikiro. Mu 2021 bungwe losamalira manda a asilikali a Commonwealth linavomera poyera kuti Aafirika ochuluka sanakumbukiridwe mofanana ndi azungu.

Nkhondo yachiwiri inatenganso ana a kuno. Ena anatchinjiriza Moyale, kumalire a Kenya ndi Ethiopia, mu 1940, ndipo dzina la malo a asilikali a ku Mzuzu linachokera kumeneko. Ena anakafika ku Burma mu 1944. Iwowa ndi Doss ankalimbana ndi mdani mmodzi, Japan.

Nanga bwanji wina akudziwika dziko lonse pamene anzakewo mayina awo akuzimirira? Yankho lina ndi lakuti Amereka amalemba. M'chaka cha 2000 nyumba yawo ya malamulo inakhazikitsa ntchito yojambula mawu a asilikali akale ndi kuwasunga ku Library of Congress, ndipo ana a sukulu amathandiza kufunsa mafunso. Ngakhale zambiri zimene tikudziwa za amtengatenga athu anazitolera ndi Melvin Page, mphunzitsi wa ku America amene anayenda m'midzi yathu m'ma 1970 kucheza ndi okalamba.

Alipo amene anganene kuti nkhondozo zinali za atsamunda, ndipo Mkhristu sayenera kutamanda nkhondo. Mfundoyi ndi yolemera. John Chilembwe anadandaula zomwezo mu November 1914, m'kalata yake ya ku Nyasaland Times, kuti osauka a dziko lino akufera mkangano umene si wawo. Koma kukumbukira munthu si kuyamikira nkhondo. Amene wamva mmene agogo ake anabwerera ku Burma, wodwala ndi wosagona tulo, sangafulumire kuombera m'manja nkhondo iliyonse. Kuiwala ndiko kumachititsa nkhondo kuoneka ngati filimu.

Asilikali enieniwo atsala owerengeka. Koma ana awo alipo, ndipo ndi agogo amene timakhala nawo pa benchi limodzi m'tchalitchi ku Chilomoni, ku Zingwangwa ndi ku Machinjiri. M'masutikesi awo muli mendulo, zithunzi ndi timabuku ta usilikali. Mvula ya Freddy mu March 2023 inatiphunzitsa kuti katundu wa banja lonse angathe kukokoloka usiku umodzi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno: chimene chili pafupi tichigwire chisanapite.

Tchuthi chikubwerachi, aliyense wa ife ali ndi foni yojambula mawu. Tikhale pansi ndi agogo, tiwapemphe chilolezo, kenako tifunse: bambo anu anapita liti, analowera ku Zomba kapena kwina, anabwera ndi nyimbo zotani, anasintha bwanji? Tilembe dzina lonse, mudzi ndi mfumu yake. Tijambule mendulo ndi mapepala, eniake tiwasiyire zawo. Magulu a achinyamata asonkhanitse zimenezi, kope limodzi likhale ku laibulale ya koleji, lina tikalipereke ku Museum ya ku Chichiri kapena ku nyumba yosunga zolemba zakale za boma ku Zomba.

Doss ankapempha Mulungu mphamvu zoti apulumutse munthu mmodzi winanso. Ntchito yathu ndi yopepuka poyerekeza ndi yake. Wophunzira aliyense abwere ndi dzina limodzi pobwerera ku sukulu.