Holo ya ku Manassas ndi bwinja la ku Blantyre

Mzinda wa Manassas kuno ku Virginia, komwe ena a ife timagona tikaweruka ku ntchito za m'dera la Washington, uli ndi anthu pafupifupi 43,000 basi. Blantyre, malinga ndi kalembera wa 2018, ali ndi anthu 800,000. Koma mukafuna kuonera sewero kapena kumvera oimba mutakhala pampando wabwino, magetsi ndi zokuzira mawu zili m'malo mwake, kamzinda kakang'onoka ndi komwe kangakulandireni bwino. Momwe holo ya kuno inabwerera ndi nkhani yotikhudza tonse amene timasonkha ndalama pa WhatsApp woimba wakumudzi akadwala.

Holoyo ndi Hylton Performing Arts Center, yomwe inatsegulidwa mu 2010 pa nthambi ya yunivesite ya George Mason m'mbali mwa mzindawu. Ili ndi mipando yoposa 1,000. Ngongole yomangira anagawana atatu: boma la dera la Prince William County linasenza magawo 60 pa 100 alionse, yunivesite 30, khonsolo ya Manassas 10. Boma la Virginia ndi mabanja opeza bwino anaikaponso zawo. Lero magulu akonkuno, monga Manassas Ballet Theatre ndi Manassas Symphony Orchestra, ali ndi pamene amati kwathu. Ambiri mwa oimba a gulu lachiwirili ali ndi ntchito zina masana, ngati mmene alili aluso ambiri kumudzi. Kusiyana kwake n'koti iwowa akayeserera miyezi itatu amadziwa komwe akaimbire.

Tsono tiyeni tibwerere ku Chichiri. Amene munakulira mu Blantyre mukukumbukira French Cultural Centre Lamlungu masana: a Kwathu Drama Group, Izeki ndi Jakobo, Wakhumbata ya malemu Du Chisiza Jr, anthu atadzaza mpaka ena kuimirira. A ku France atachoka mu 2011, boma linagula malowo pa K300 miliyoni n'kuwatcha Blantyre Cultural Centre. Tinaomba m'manja. Posakhalitsa akuba analowa n'kusesa zipangizo, ndipo zaka zoposa khumi zinadutsa ntchito yokonza ikuyenda ngati kamba, nduna iliyonse yatsopano ikubwera kudzayendera n'kulonjeza. Malo amene boma la eni linkawasamala anasanduka bwinja m'manja mwa boma lathu lomwe.

Woimba akasowa holo amathawira kubala kapena kuhotela, n'kupeza kangachepe. Nanga wa zisudzo? Sewero silimveka pakati pa mabotolo ndi phokoso la mpira pa TV. Kubwereka holo ya eni ake n'kodula, ndipo ndalama ya pakhomo imathera komweko. Ndiye tikamadandaula kuti zisudzo zapasiteji zinazilala, tisamangoloza chala achinyamata ati amakonda mafoni.

Kwa zaka zambiri amene ankathirira luso lathu ndi alendo, makamaka ofesi ya kazembe wa Norway, poyamba kudzera ku COSOMA, kenako kudzera ku bungwe la Hivos. Tiwathokoze, anachita zazikulu. Koma ndalama ya mlendo imabwera ndi nyengo yake, ndipo ikatha yatha. Komanso wolemba sewero amene amadya kuchokera ku mapulojekiti amazolowera kulemba zimene wopereka akufuna kumva, lero za Edzi, mawa za zisankho.

Ndikudziwa zimene ena mukunena: m'zipatala mulibe mankhwala, feteleza wakwera, iwe ukuti holo? Funsolo ndi lomveka, ndipo nane ndili ndi abale amene amagula okha mankhwala. Koma holo yoyenda bwino imadyetsa anthu. Tsiku la chionetsero amapezapo wa zokuzira mawu, telala wosoka zovala, wa minibasi, mayi wa mandasi pageti. Chinanso, boma lomwelo limadziwa kuthamangira ovina kukabwera alendo pabwalo la ndege, limanyadira kuti UNESCO inazindikira Gule Wamkulu ndi Vimbuza mu 2005. Kukama ng'ombe limadziwa, kuidyetsa ndiye ayi.

Musaganize kuti kuno ndi kumwamba. Bungwe la boma lalikulu loona za luso, National Endowment for the Arts, linakhazikitsidwa mu 1965, ndipo mu 2024 linali ndi madola 207 miliyoni, zomwe sizikwana ngakhale dola imodzi pa munthu aliyense wa dziko lino. Mu May 2025 boma la a Trump linapempha kuti bungweli litsekedwe, ndipo magulu ambiri analandira makalata oti thandizo lomwe analonjezedwa lathetsedwa. Apa mpamene ndinaonera ubwino wa njira ya ku Manassas. Ndalama yodalira mtima wa munthu mmodzi kulikulu imasintha ndi mphepo ya ndale. Nyumba yomangidwa pa mgwirizano wa khonsolo, dera ndi yunivesite imakhalabe pomwepo, ndipo ngongole yake imalipidwa chaka ndi chaka kaya wapambana ndani.

Ife Amalawi tikuyenera kuzidziwa bwino izi kuposa Amereka. Tinaona lamulo la Censorship Board la 1968 likuuza anthu choti aimbe ndi choti awerenge. Tinaona mlakatuli Jack Mapanje akukhala ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Masiku ano chingwe chake ndi chofewa: envulopu ya pamsonkhano wa chipani, bokosi ndi matumba a ufa pamaliro a woimba. Thandizo lotere limagula pakamwa. N'chifukwa chake ndikamati boma lithandize aluso ndikutanthauza ndalama yolembedwa mu bajeti, yodutsa m'manja mwa anthu odziwa luso, mndandanda wa olandira utapachikidwa poyera.

Ndondomeko ya dziko ya zachikhalidwe inavomerezedwa mu 2015, ndipo panatenga mpaka 2024 kuti Nyumba ya Malamulo idutsitse lamulo lokhazikitsa khonsolo ya zaluso, NAHeC. Aluso analimbikira, ayamikike. Koma lamulo ndi pepala. Tiliyeze ndi ndalama zimene nduna ya zachuma ikuikamo chaka chilichonse, komanso ngati okhala m'khonsoloyo angathe kupereka thandizo kwa woimba amene amadzudzula boma.

Ndipo zonse zisathere ku Capital Hill. Kuno bungwe la Virginia Commission for the Arts lili ndi kanjira kosavuta: khonsolo ikapereka ndalama ku magulu a zaluso a m'dera lake, bungwelo limaonjezerapo zofanana, mpaka madola 4,500. Ndi kandalama kochepa, koma kamabwera chaka chilichonse ndipo kamakakamiza makhansala kuikapo kawo. Chingatilepheretse n'chiyani kuchita zotere ndi makhonsolo a Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba? Ku Zomba kuli kale yunivesite yophunzitsa zisudzo ndi nyimbo, ku Thyolo MUST ili ndi Bingu School of Culture and Heritage. Atatu aja a ku Manassas kwathunso alipo, kungoti sanakhale pansi n'kusainirana.

Akuluakulu akabwera kuno amakonda kutiuza kuti ife a kunja tiike ndalama kumudzi. Ulendo wina akadzatero, tidzawafunse za holo ya ku Chichiri: yatsala ndi chiyani, ndalama zingati, ndani akuyang'anira, itsegulidwa mokwanira liti. Maholo ambiri kuno amalemba dzina la wopereka kumbuyo kwa mpando. Ine mpando umodzi ndingagule, ndipo ndikudziwa anzanga a mashifiti ausiku amene angagule awiri, bola boma liyambe laika gawo lake ndi kutionetsa buku la ndalamazo.