Chiphalaphala Cham'nyumba: Phunziro Kapena Masewera?

M'katauni ka Vík ku Iceland, anthu amalipira ndalama kuti akhale pampando n'kumaona mwala ukuyenda ngati phala. Kuyambira 2018, a Lava Show amasungunula zimene phiri la Katla linalavula mu 1918, kutentha kwake kufika madigiri 1,100, kenako n'kuzikhuthula alendo akuona. Chipinda chonse chimafunda, ndipo chiphalaphalacho chikamazizira chimada pamaso pa onse. Mwana amene waona zimenezi safunsanso kumene thanthwe lakuda limachokera.

Oikira kumbuyo zionetsero zotere ali ndi umboni wolemera. Mu 1985, matope ochokera kuphiri la Nevado del Ruiz ku Colombia anapha anthu pafupifupi 23,000, ambiri a iwo a m'tauni ya Armero. Mapu ochenjeza analipo, koma pepala silinaopse munthu. Katswiri wa mapiri ophulika, Maurice Krafft, anakonza kanema woonetsa mmene matope ndi phulusa lamoto zimasesera midzi. Mu 1991 kanemayu anaonetsedwa kwa akuluakulu ndi anthu ozungulira phiri la Pinatubo ku Philippines, ndipo anathandiza kuti zikwizikwi zivomere kusamuka lisanaphulike.

Komatu maso sakhuta. Vulcania, paki ya za mapiri ophulika pafupi ndi Clermont-Ferrand ku France, inatsegulidwa mu 2002 mothandizidwa kwambiri ndi pulezidenti wakale Valéry Giscard d'Estaing. Inayamba ngati malo a sayansi, mbali yaikulu ili pansi pa nthaka. Alendo atayamba kuchepa, oyendetsa anawonjezera makanema ogwedeza mipando, ndipo mu 2021 anatsegula Namazu, kasitima kaliwiro kokwera ndi kutsika kokhudza za chivomezi. N'zosavuta kuwanyoza, koma chionetsero chopanda alendo sichiphunzitsa aliyense, ndipo antchito sadya sayansi. Chodetsa nkhawa n'chakuti mwana akatsika kasitimako angakumbukire kukuwa kwake kokha, za chivomezi zitatsala pampando.

Pachilumba cha Heimaey, ku Iceland komweko, anasankha njira ina, mwina yoposa zonsezi. Chionetsero cha Eldheimar anachimanga mozungulira nyumba yeniyeni imene inakwiririka ndi phulusa mu 1973, pamene phiri linaphulika ndipo anthu pafupifupi 5,000 anathawa usiku pa maboti a asodzi. Mlendo amangosuzumira m'zipinda, n'kuona katundu wa banja lina ali mmene anamusiyira.