Njovu za alendo zikudya cimanga ca ndani?

Pa mtsinje wa Chobe, umene umathila mu Zambezi pa Kazungula, pali mabwato okhala ndi zipinda zogona, monga Zambezi Queen. Alendo ocokela kutali amagona m'menemo masiku angapo, akujambula njovu, mvuu ndi njati pa gombe. Kukaca ena amakwela galimoto kukaona mikango m'paki ya Chobe ku Botswana. Ife sitidana nao alendowa. Anzao amene amakwela mabwato pa Zambezi apatsa nchito ana athu ambili ku Livingstone.

Koma njovu ilibe pasipoti. Kalembela wa mu 2022 anapeza njovu pafupifupi 228,000 m'dela la KAZA, limene likhudza Angola, Botswana, Namibia, Zambia ndi Zimbabwe. Njovu imene mlendo waiombela m'manja dzuwa polowa, usiku ingaoloke Zambezi ndi kutsiliza munda wonse wa cimanga. Mwini munda, amene feteleza anacita kukongola, wacezela kuimba zitini ndi kufukiza tsabola, mwinanso kuikapo moyo wake. Iyeyu palibe womujambula.

Ku Botswana boma limapatsa mlimi wotele cipukuta misozi, ngakhale alimi amati n'cocepa. Kuno kwathu mlimi amakapeleka lipoti, kawilikawili nkhani n'kuthela pomwepo.

Tipempha aphungu athu amenyele nkhondo kuti gawo la ndalama zimene alendo amalipila pa Mosi-oa-Tunya lizipita kwa alimi oonongeledwa minda. Inunso mafumu, yambani kulemba munda uliwonse umene njovu zadya, ndi matumba amene atayika, kuti aphunguwo akhale ndi poyambila.